Nkhunda za ba Phinias

Lolemba, 9 Juni 1997

Nthochi zabwerera nane kunyumba. Tsiku lonse pamsewu, mabasi a ku Chipata kuyima, kunyamuka. Anzanga asuntha matebulo awo, manje ndimayima ndekha kumapeto ngati chitsa.

Amuna anga, ba Phinias, ndawapeza pansi pa khola lawo la nkhunda, ali wefuwefu ngati athamanga kuchokera ku Rufunsa. Chikhalirecho angochoka pakhonde. Chaka chatha ali chonchi. Mapiritsi a TB anamwa mpaka kumaliza, makhololo anapimidwa osapezeka kanthu, koma munthu akungotha. Malaya akulendewera ngati ali pamsomali.

Mlongo wawo, ba Ketrina, anabwera ndi phala lophika okha. Ine moni ayi. Potuluka ati kwa mnansi, mokweza kuti ndimve: "Mkazi wa pamsewu sabwera ndi mchere chabe." Ndiye kuti kaliwondewonde ndakamutenga ine kwa madalaivala a malole. Ine amene ndimapsa ndi dzuwa kuti alongo awowo adye.

Lachitatu, 11 Juni

Kuchipatala ku Mpanshya. Mlongo wanga Levy anawakweza P. panjinga mpaka pamsewu, kenako minibasi. Awajambula m'chifuwa, ati chithunzicho adzachiona dokotala wa mapapo amene amabwera kuchokera ku Lusaka. Awagoneka.

Magazi ndapempha ndekha kuti atipime tonse awiri. Ndinatambasula mkono anesi asanamalize kufunsa. P. anayang'ana kukhoma.

Chiyambire Khirisimasi sagona m'nyumba. Anasamukira m'kakhumbi kaja kogundana ndi khola, ati asandipatsire chifuwa. Ndinavomera ngati chitsiru. Koma ndikudziwa. Za mlongo wawo zinalowa.

Lachisanu, 13 Juni

Nkhunda ndikudyetsa ndine. Zikudya bwino kuposa Towela, mwana wathu.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Dokotalayo ndi mzimayi, wamfupi, Chinyanja chake cha m'tauni. Anapachika zithunzi ziwiri pabokosi lowala, cha chaka chatha ndi cha manje. Ine ndimangoona nthiti ndi utsi. Anandiitana kuti ndiyandikire.

Ati TB ikakhazikika imakonda kuboola kumtunda kwa mapapo, imasiya mphako. Apa mphako palibe. Anafunsa P. ntchito zomwe anagwirapo. Iwo ati anaphwanyapo miyala ya msewu ali mnyamata, nyengo imodzi chabe. Dokotala anapukusa mutu. Ati fumbi la miyala limasiya timadontho ngati mawere omwazika, ndipo nyengo imodziyo yachepa. Za P. ndi zina: nkhungu mbali zonse ziwiri, ndi timizere tolukana ngati ukonde. Anaika cholembera penapake, ati apa pafika pofanana ndi chisa cha njuchi, ndi zipsera izi. Pachithunzi chakale malowo anali ochepa.

Ati chithunzi pachokha sichimaliza nkhani, chimangoloza kofunsa. Ndiye mafunso. Mumasuta? Ayi. Mumaotcha makala? Ayi. Chimanga chowola m'nkhokwe mumachigwira? Ndimagwira ndine. Mumaweta chiyani? P. nkhope kuwala, kuyamba kutchula nkhunda zawo, zoyera, zamawanga, zina anakazitenga ku Luangwa. Ati amasesa okha zitosi, salola munthu.

"Mumagona kutali bwanji ndi khola?"

Ndinayankha ndine. "Khoma ndi limodzi, ba dokotala. Chiyambire Khirisimasi."

"Ndipo anayamba liti kuipiraipira?"

Ine ndi P. tinayang'anana. Inali Khirisimasi yomweyo.

Ati pali anthu ena mapapo awo sagwirizana ndi fumbi la nthenga ndi zitosi zouma. Amatupa m'kati, kenako zipsera. Wina akhoza kuweta moyo wake wonse osamva kanthu, wina ayi. Ati akhale m'chipatala kaye, kutali ndi mbalame, amwe mapiritsi ochepetsa kutupako, tione. Nkhunguyo ikhoza kuchepa. Ukondewo suchoka.

Pomaliza, za magazi. Tonse awiri tilibe kachilombo. P. anafunsa, "Ndi akazi anganso?" Dokotala ati inde. Iwo, "Mwaona bwino?"

Za iwo eni sanafunse kawiri.

Lachitatu, 18 Juni

Sindinapite kukawaona. Ndachapa, ndapalira mbatata. Adye za kuchipatala.

Loweruka, 21 Juni

Ndapita. Ndawapeza panja, ayenda okha mpaka pageti. Chakudya amaliza. Akutsokomolabe koma si muja. Ati, "Amake Towela, mpweya wa kuno ndi wabwino." Mpweya. Ndimayembekeza mawu ena. Ndinakhala, ndinasenda lalanje, ndinayembekeza. Funso lawo: nkhunda ija yoyera yaswa?

Pobwerera ndinadzera kwa mlongo wawo, K. Ndinawauza zonse ndili chiimire pabwalo, chifukwa mpando sanandipatse. Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Nkhunda? Atate athu anaweta nkhunda mpaka mano kutha m'kamwa. Munayamba mwamvapo maliro a nkhunda?" Ati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, ndiye ndikufuna kuzichotsa ndekha zisanandiulule pothawa. Za magazi ati pepala aliyense akhoza kulemba.

Ndinabwera njira yonse mano ali gwa. Ndikanakhala ndi kachilomboko bwenzi akusangalala, nkhani yawo itakwana.

Lachinayi, 26 Juni

Atuluka. Pamaso pa anesi analonjeza kuti sayandikira khola. Ndinawayalira m'nyumba, ndinachapa zofunda zonse za m'kakhumbi.

Ndinangopita kumjigo. Pobwera ndawapeza mutu uli m'khola, tsache m'manja, fumbi lili tolotolo. Ati amangoona maunda. Ndinatula ndowa. Ndinene chiyani kwa munthu wa imvi?

Dzuwa lisanalowe thupi moto, kunjenjemera, milomo kuda. Towela kulira. Ndinawakhazika chotsamira khoma, ndikuwakupiza ndi lichero. K. anafika, anaona, ati, "Si mwati achira?"

Loweruka, 28 Juni

Levy wabwera ndi madengu. Nkhunda tazigwira zonse, wapita nazo kwawo, kuseri kwa akasupe otentha. P. anali gone, anamva mapiko. Sakundilankhula. Nsima akulandira kwa Towela.

Lolemba, 30 Juni

Zabwerera. M'mawa ndikutuluka, zili ndandanda padenga. P. anaseka, koyamba chaka chino, mpaka chifuwa chinawagwira.

Anthu ayamba kale: mwaona, mbalame zikudziwa mwini wake.

Lachitatu, 2 Julaye

Dzulo ndinawafunsa mosazungulira. Ndinati ba Phinias, munandisiya m'nyumba ndekha chifukwa cha mawu a anthu, munakagona ndi chimene chikukuphani. Sindikufunsani za zimenezo. Ndikufunsa chabe: Towela alembe giredi seveni muli moyo kapena ayi? Anatembenukira kukhola. Kenako ati, "Chitani ine ndisakuona."

Levy anawatengera kwa a katekisiti. Ine ndinamwaza gaga m'khola, zinalowa zokha, ndinatseka. Zimandidziwa, ndi ine ndazidyetsa masabata onsewa. Ija yoyera inatera padzanja langa. Kupha ndinayamba ndi yomweyo kuti ndisaganize.

Khola tagwetsa, kakhumbi tagwetsa, udzu ndi zitosi tatentha kumunda. Pansi ndathira madzi, ndakolopa, ndazira dothi latsopano. Ndinasamba kumtsinje ndi kusintha zovala ndisanalowe m'nyumba, monga ananenera dokotala.

Nyamayo ndakazinga, ndapita nayo pamsewu. Basi ya ku Chipata inagula yonse. Mzibambo wina pawindo ati, "Mayi, mawa mubwere nazonso." Ndinati zatha.

P. atabwera anayima pamene panali khola. Sanalire. Ati pabwalo pakula.

Loweruka, 5 Julaye

Agona m'nyumba. Kupuma kuliko bwino pang'ono, koma kukafika kuchimbudzi apumira panjira. Ndi mmene zidzakhalire, dokotala sanabise.

Andiuza kuti mawa akalankhula kumapemphero a mphakati. Sindinawapemphe. Sindinawaletse.

Lamulungu, 6 Julaye

Mphakati unali kwa a katekisiti, pansi pa mango. Anthu anadzaza, ena oti sabwera ndi kale, chifukwa anamva kuti ba Phinias ali ndi mawu. Anzanga a pamsewu analipo. K. anakhala kutsogolo.

Mapemphero atatha P. anaimirira ndi envulopu yaikulu ya chithunzi. Anapereka moni bwinobwino. Ati, "Abale anga, mkazi wangayu..." Mpweya unathera pomwepo. Anayesanso. "Mkazi wangayu ine..." Chifuwa. Anagwira mtengo. Levy anawakhazika pansi. Anthu kuyang'anana, wina kumbuyo ati shuwa munthu watha.

Sindikudziwa ndinaimirira bwanji. Ndinatenga envulopu, ndinasolola chithunzi, ndinachikweza kudzuwa kuti aliyense aone nthiti za mwamuna wanga. Ndinati onani. TB imaboola apa, palibe. Fumbi la miyala limadontheza apa, palibe. Ukonde uwu ndi fumbi la nkhunda. Magazi anga apimidwa, awo apimidwa, amene akufuna akwere nane minibasi mawa akafunse yekha. Ndinatchula mayina a amene anasuntha matebulo, mmodzimmodzi, ndikuwayang'ana. A katekisiti anati mayi, mayi. Ndinati sindinamalize. Ndinati munthuyu anachoka m'nyumba mwake chifukwa cha pakamwa panu, ndipo kumene munamutumizako ndi kumene kwamudya.

Mawu anga anamveka. P. ali pansi anakweza dzanja, kugwedeza mutu kuti ndi zoona. Ndi zomwe anakwanitsa.

Palibe anapepesa. Azimayi ankayang'ana zitenje zawo. A katekisiti anayambitsa nyimbo, inafera panjira.

Anthu akumwazikana, K. anabwera. Anatenga chithunzi m'manja mwanga, anachigwira chozondoka, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mulamu, manje poti nkhunda zapita, achira?"

Ndinati ayi mulamu. Akhoza kukhala nafe zaka, koma pamene pafika ukonde sipabwerera. Ndinawalozera ndi chala pamene panakula chiyambire Khirisimasi.

Anakhala pansi pafumbi pomwepo, chithunzi pamiyendo. Sindinawadzutse. Ndinapita kukagwira P. mkono, tinayamba ulendo wa kunyumba, pang'onopang'ono, tikupumira pamthunzi uliwonse.