Mbewu ya a Nyazimba Yapita ku Chigayo

Amayi, kaya muli bwanji kumene muliko? Ife kuno kwa Mwase tilipo, koma ine mtima suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa mwana wanu Yotamu wachira, kwabadwa mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akayamba kulira mudzi wonse umamva, ndiye dzinalo lamuyenera. Mtedza unachita bwino, ngakhale mbewa zinatithandiza kukolola. Denga la khitchini yanu lagwa mbali imodzi. Udzu tinamweta, wofolera ndiye akungoti mawa.

Tsono kuntchito, Amayi. Bwana wathu wa zaulimi uja anapuma, kwabwera wina wochokera ku Lusaka. Ndinamulandira ndi manja awiri, pokumbukira kuti munkati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko kakucheka ine. Walamula kuti alangizi tonse tiuze alimi asiye chimanga cha makolo, adzale cha haibulidi chokhachokha. Haibulidi sindidana nayo. Koma feteleza anasiya kufika kuno, ndipo popanda feteleza chimangacho chimalekeza m'chiuno, chachikasu. Chikabereka, anankafumbwe amachimaliza m'nkhokwe Khirisimasi isanafike.

Ndinanena zimenezi pamsonkhano ku Lundazi, anzanga atazolika. Bwanayo anati, "Amai Phiri, boma sinakupelekeni ku koleji kuti muziganiza monga ambuya anu. Maina a ochotsedwa nchito ayenda ku Chipata mwezi ukasila."

Mwezi ukatha, Amayi! Ndinachita mantha, sindibisa. Ana anga ndi anayi, ndiponso ndikulera awiri a malemu achemwali. Ndinakwera njinga kupita kwa Kapichila, n'kukauza alimi zonse monga bwanayo anandiuzira, lilime osaterereka.

Dzulo ndinakumana ndi anzanu aja, a Nyazimba, pachigayo. Anali atamva zimene ndinanena kwa Kapichila. Mbewu yawo yonse ya chimanga cha makolo, ija ankaipachika pamwamba pa moto kuti ide ndi mwaye, anali ataitonola n'kuiika m'thumba. Atandiona anasekerera. "Yewo, mwana wane. Para wayowoya mwana wa Nabanda, ise tikupulika." Mwamva, Amayi? Akuti mwana wa inu a Nabanda akalankhula, iwo amamvera. Sanamvere boma ayi, anamvera dzina lanu. Ndinafuna kugwira thumbalo, koma dzanja linakana. Ndinangoima, chigayo chikulira, mbewu yonse n'kutuluka ufa. Mayi wamasiye, wopanda ngakhale mbuzi yoti asinthe ndi feteleza.

Ndichite chiyani, Amayi? Ndikamvera bwana ana anga adya, koma anthu amene ananyamula maliro anu adzagona ndi njala. Ndikakana, ndikubwerera kumunda ndi ana asanu ndi mmodzi, khasu limodzi. Ndapemphera, ndalira, yankho palibe. Mukanakhalapo mukanandikalipira, ine n'kudziwa pogwira. Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo Lachisanu kuli msonkhano wina konkuno kwa Mwase, wa anthu okudziwani okhaokha, bwana atakhala pampando kutsogolo.

Ngala zanu zomaliza za chimanga cha makolo ndinasunga. Mawa ndizigawa pakati, theka ndikatule kwa a Nyazimba, ndikagwade, ndikawauze kuti ndinawanamiza. Za Lachisanu sindingalonjeze kulimba mtima. Chimene ndikulonjeza n'chakuti sindidzanamizanso munthu m'dzina lanu. Pakamwa pakalephera kunena zoona, ndidzangoima chete pamaso pa onse, bwanayo alembe zimene alembe.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani koopsa.

Ndine mwana wanu,
Felesiya