Anamzeze ako afika, mvula ayi

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Ulaya. Kuno tilipo, kungoti mwendo wa bambo ako ukuvutabe, ndipo dzuwa likuwotcha koopsa.

Paja unati pa foni anamzeze achoka kwanuko chifukwa kwayamba kuzizira. Patapita masabata angapo, bambo ako anawaona atandanda pa mawaya a magetsi pa Ngabu. Anabwera akupalasa njinga ngati mnyamata, nkufuula ali kumsewu kuti, “Mayi a Esinati, tulutsani mbewu! Mbalame za mwana wathu zafika, mvula ili pafupi!”

Ine ndinati, “Bambo, izi zathawa chisanu cha kwa azungu, mvula yathu siziyidziwa. Tidikire adokowe akuda aja. Amenewo sawerenga mwezi, amatsata kumene kwagwa mvula ndi ziwala.”

Sanandimvere. Kutangowaza kamvula kamodzi anadzala mapira munda wonse. Anamera bwino, kenako anapserera. Tatsala ndi kambewu ka m’chigubu, ndakabisa mpaka adokowe atere kudimba.

Sindinawakalipire. Ndinaona kuti sanali kuthamangira mvula, anangosangalala kuona chinthu chochokera kumene uli iwe.

Uwaimbire foni, koma za mapira usatchule. Chauta akusunge m’chisanumo. Undiuzenso, mwanawe, kuti ndiwe mbalame iti: yobwera nyengo yake ikakwana, kapena yotsata kumene kuli chakudya? Bambo ako akuyang’anabe pa mawaya.

Ndine mayi ako,
Nasibeko