Bukhu la Pachipata

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira ukudzuka bwino kutaliko. Ine ndilipo, kungoti mawondo ayamba mwano ndipo chifuwa chija chakana kusamuka. Usadandaule, n'zaukalamba.

Lachiwiri ndinapita kukaona agogo ako aamuna. Paja manda awo anatsalira mkati mwa mpanda wa nkhalango yosungira nyama ija. Pachipata mlonda anatsegula bukhu lake.

"Amayi, mwadzaona nyama yanji?"

"Mwamuna wanga," ndinatero. "Mulembe kuti mkango wogona, ngakhale pakhomo anali mbuzi."

Anaseka mpaka cholembera kugwa, kenaka anandiperekeza, mfuti ili paphewa. Ulemu wotere sindinaulandire ngakhale paukwati wanga.

Ndinatenga khasu, koma akuti mkatimo salima, ngakhale udzu sazula. Ndinalalata njira yonse. Koma iwe, ukanaona! Mtengo umene tinabzala kumutu uja wakula, njuchi zamangamo, ndipo mbawala ziwiri zinagona pamthunzi pambali pawo. Munthu ankazitchera misampha, lero zikumulondera. Mpandawo ndautukwana zaka khumi, koma tsikulo pobwerera sindinautukwane.

Potuluka mlonda analemba nthawi. Akuti aliyense wolowa azituluka dzuwa lisanalowe, m'bukhumo musatsale mpata.

Iwe unaphunzira, umadziwa kulankhula ndi akumaofesi. Undifunsireko mwakachetechete ngati lilipo pepala la munthu wongolowa. Pambali pa agogo akowo malo alipo, ndinayeza ndi ndodo yanga. Amayi ako usawauze kaye.

Ubwere mvula isanagwe.

Ndine,
Agogo ako apakamwa aja