Ndeke Inakusiyani ku Nairobi

Nangongwe, Kafue

Okondedwa msuweni wanga Towela,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe. Ife tilipo, ngakhale kuti kufakitale anatichotsa ntchito.

Amuna anga, ba Gershom, abwerako ku Dubai kogula katundu. Andiuza kuti munakwera ndeke imodzi ku Lusaka, koma ya ku Dubai inakusiyani nonse awiri ku Nairobi, mpaka munagona komweko. Akuti ola limodzi silikwanira kusinthira ndeke. Pepani kwambiri. Ine wongodziwa minibasi sindingatsutse.

Koma dzulo kutchalitchi ndinacheza ndi ba Phyllis, amene munali nawo paulendowo. Iwo, ndi mwendo wawo wotupa uja, anayenda pang'onopang'ono n'kuipeza ndeke ya ku Dubai ija isananyamuke.

Ba Gershom andibweretsera nsalu yokongola. Nanga inu anakugulirani chiyani?

Ndine msuweni wanu,
Ennie