Chitenje changa chatilanditsa chipambano

Lachitatu madzulo. Mpaka pano mutu sukugwira.

Komiti ya ligi yatilanda chipambano cha Loweruka ku Mwazisi, ndipo atsikana anga aletsedwa masewero awiri otsatira. Wolakwa akuti ndine.

Kochi wathu, a Msiska, anali kumaliro, ndiye timu ndinaiperekeza ine, mphunzitsi wamba wopanda khadi la ligi. Mpira uli mkati, msambo unamudzidzimutsa Tiwonge, mtsikana wathu wapagolo, kabudula wake woyera n'kuthimbirira. Anyamata kuseri kwa golo anayamba kulozerana. Ndinamasula chitenje, n'kuthamangira m'bwalo kukamumanga m'chiuno. Zakhadi sindinaziganize n'komwe.

Lero wapampando wandiwerengera lamulo: wopanda khadi saponda m'bwalo.

Ndamufunsa, "Akanakhala mwana wanu, bambo, mukanafuna ndiime poteropo ndizionerera?"

"Madamu, munachita bwino chomene," wayankha, osandiyang'ana. "Koma lamulo silitchula chitenje."



Tiwonge wabwera kudzabweza chitenjecho, chochapa, chosita bwinobwino. Wagwada pakhomo n'kufunsa kuti komiti yati chiyani. Ndamunamiza kuti sanagamule.

Mawa amva kwa anzake, ndipo mumtima mwake aziti wagwetsa timu ndi iyeyo.