Chithunzi cha Amayi Opanda Mpango

Chiwembe, Limbe
Lachisanu

Okondedwa achimwene a Shafik,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Joni, inu pamodzi ndi alamu anga a Sumayyah ndi ana. Ntchito ikuyenda bwanji? Chifuwa cha mwana wamng'ono uja chinatha? Kuno ine m'thupi ndili bwino. Amayi ndiwo ali monga mukudziwira, lero adzuka, mawa ayi.

Kalatayi ndapatsira a Wahab oyendetsa thiraki aja, akunyamuka mawa. Mudabwa kuti bwanji ndalemba papepala chikhalirecho foni ilipo. Pafoni inu mumayankhula nokha, ine ndimangoti eya, eya, mpaka mwadula. Ndakhala wotero kuyambira ndili mwana. Papepala simungandidule mawu. Muwerenge mpaka kumapeto, ngakhale zilembo zake ndi za munthu wolekezera Sitandade 7.

Achimwene, ndakwiya nanu. Chibadwire sindinakuuzenipo mawu amenewa, koma lero ndanena.

Amayi atalandira diripi yachiwiri ya mankhwala a khansa aja, tsitsi lawo linathothoka lonse. M'mawa uliwonse ndinkalitola papilo n'kukalikwirira kuseri kwa nyumba, iwo asanaone kuchuluka kwake. Palibe munthu ankadziwa, chifukwa mpango suchoka kumutu kwawo. Ine ndemwe mutuwo ndinkauona powasambitsa pokha.

Ndiye inu munayamba kundiumiriza kuti ndikutumizireni chithunzi. Ndinakana kawiri. Kachitatu munati ndikukubisirani matenda, ndikuchita ngati amayi ndi anga ndekha, inunso munayamwa bere lomwelo. Mawu amenewo anandilasa.

Tsiku la diripi yachitatu kuwodi kunatentha koopsa. Masana amayi anagona tulo, mpango n'kutsetsereka kugwera papilo. M'malo mowafunditsa, ndinatulutsa foni. Ndinkafuna muone zimene ine ndimaona tsiku ndi tsiku, musiye kunditchula wobisa. Pansi pa chithunzicho ndinalemba kuti ichi n'cha maso anu okha. Munayankha ndi kachala kaja koloza kumwamba.

Kutacha ndinachipeza pa gulupu yathu ya pafoni ya Ana a ku Ntaja, mutalemba kuti tiwapempherere amayi athu Abiti Habib.

Ine gulupuyo sindidana nayo. Ndi imene inatidziwitsa a Nazir atamwalira pangozi ku Tete, anthu n'kuthamanga, mtembo n'kufika kumudzi mwamsanga. Wina akafika bwino ku Joni timamvera pomwepo. Wina akagonekedwa kuchipatala, a ku Bangwe, a ku Ndirande ndi a ku Mbayani amagawana masiku okamuona. Popanda iyo bwenzi ena titaiwalana kalekale. Koma zonsezo zimayenda ndi mawu. Akazi a Shehe atadwala chaka chatha, munaonapo chithunzi chawo ali pabedi?

M'gulupumo muli anthu 240. A Shehe alimo. Anzawo a malemu bambo alimo. Anyamata amene amayi ankawathamangitsa mumtengo wa mango ali aang'ono alimonso. Amayi anayamba kumanga mpango ali mtsikana, ndipo sanatulukepo panja mutu uli pamtunda, ngakhale kukataya phulusa. Inu nomwe mwana wawo, mutu wawo munauona liti?

Nditakuimbirani ndikulira, munati anthu akapanda kuona ndi maso sagwidwa chisoni, ndipo pemphero la dua lopanda chisoni silifika patali. Munati ndili ndi maganizo akumudzi. Munachichotsa patapita masiku awiri, chitalowa kale m'foni ya aliyense.

Kwa sabata yathunthu ndinayesetsa kuti amayi asadziwe. Mlendo aliyense ndinkamuchingamira pageti n'kumunong'oneza kuti za chithunzi asatchule. Inu mukudziwa mmene zimandivutira kuyankhula ndi anthu aakulu, koma ndinkachita.

Loweruka lotsatira ndinapita pampopi, ndipo pobwera ndinapeza a Faida, ogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe aja, atakhala kale pamkeka ndi anzawo awiri. Anabwera ndi nthochi komanso mtima wabwino, sindiwanena. Koma pakamwa pawo mukupadziwa. Ndikutula ndowa ndinamva akunena kuti ee Abiti, lero ndiye mwaoneka munthu, osati zija za pachithunzi, tonse tinkati mwatisiya.

Amayi anafunsa kuti chithunzi chiti.

Ndinawatsinzinira diso a Faida, koma iwo anali atapisa kale dzanja m'chikwama. Anatsegula foni, n'kuchikulitsa ndi zala kuti amayi aone bwino. Ankaseka kuti taonani kamutu kosalala ngati ka khanda, tsitsi limamera Abiti, musadandaule, ena tili nalo koma amuna anatithawabe.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kuti achiona ndani. A Faida anayamba kuwerenga mayina monyadira, ngati akuwerenga anthu obwera ku ukwati. Anati a Shehe achiona ndipo anachita dua kumzikiti, a ku Ntaja onse achiona, a ku Durban, ngakhale mwana wa a Abdala amene ali ku Dubai analemba kuti pepani.

Amayi anabweza foni ndi manja awiri, n'kundiuza kuti ndiwapangire alendo tiyi. Anacheza nawo bwinobwino mpaka kuwatsanzika. Alendo atangotuluka, analowa kuchipinda n'kumanga mpango wachiwiri pamwamba pa woyambawo. Kutentha kwa Okutobala kumeneku, achimwene, mipango iwiri.

Sanandifunse kanthu. Iwo okha anaganiza kuti wojambula ndi a Felicia, anesi a kuwodi kuja, chifukwa amayenda ndi foni m'thumba la yunifolomu. Anati nesiyo anajambula n'kupatsa wina, winayo n'kupatsa wina, mpaka chinakufikani inu, ndipo inu poti ndinu mwana wachisoni munachiika pagulupu. Anati kumalo kumene amavula munthu ali mtulo iwo sadzapondakonso, bola kufera pakhomo atafunda.

A Felicia amenewo ndi amene amawapeza mtsempha ena onse akalephera. Amawaitana kuti amayi anga, ndipo pobaya amawauza nthabwala kuti asamve kuwawa. Tsiku la diripi yachinayi litadutsa, anandiimbira okha kufunsa kuti bwanji sitinabwere, mankhwala amenewa sadumphitsa. Amayi anamva ali kuchipinda, n'kukuwa kuti ndimuuze akajambule amake. Ine ndinangoti tibwera, n'kudula.

Ndinakuimbiraninso. Mukukumbukira zimene munanena? Munati ndizisiye choncho, nesiyo sakudziwa ndipo sizimupweteka, amayi akapsa mtima amazizira okha, ndingowanyengerera. Munati ndisakusokonezeni muli pantchito.

Masiku asanu ndi anayi ndinakhala chete. Chotupa cha khansa chija chinayambanso kuwawa. Ndinkawaona akugwira m'mphepete mwa bedi, akuluma mlomo kuti ndisamve. Ndikatchula za chipatala ankatembenukira kukhoma. Ine ndinkadziwa kuti mawu anga ochepa okha angawadzutse kupita kukakwera minibasi, koma ndinkaopa. Amayi ali ndi munthu mmodzi wowasambitsa, wowapaka mafuta, wowagwira popita kuchimbudzi. Ndinkadzifunsa kuti akadziwa kuti munthuyo ndi amene anawavula, atsala ndi ndani?

Lolemba m'mawa ndinkawawenga zikhadabo za kumapazi pakhonde. Ndinaona mmene miyendo yawo yaondera, ndipo mawu anangotuluka okha. Ndinati amayi, si a Felicia, ndinajambula ndine.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangochotsa phazi lawo pamwendo panga pang'onopang'ono, n'kulifunditsa ndi chitenje. Anafunsa ngati Shafik ndiye anapempha. Ndinati eya, ndipo ndinamuuza kuti asaonetse munthu. Iwo anati mwana wamwamuna sadziwa zinthu zimenezi, ali kutali, anachita chifukwa cha chikondi. Koma iwe Amna ndiwe mkazi, umamanga mpango ngati ine, unali pambali panga, mpango utagwa dzanja lako linapita kufoni.

Pamenepo ananena zoona. Mbali yanga ndaivomera ndipo ndidzaisenza mpaka kumanda. Koma mbali yanu ili kuti, achimwene? Ine ndinaonetsa munthu mmodzi, mwana wawo wobereka okha. Amene anaonetsa anthu 240 ndani? Lamulungu lapitali munaimba, amayi anaseka nanu, anakufunsani ngati mukudya bwino. Ine ndinali pomwepo nditagwira foniyo pafupi ndi khutu lawo, poti dzanja lawo limanjenjemera. Simunatchule kalikonse. Munamaliza n'kunena kuti Amna aziwasamala bwino amayi.

Dzulo Lachinayi tinapita kuchipatala. Anavala okha, anakana kuti ndiwagwire pokwera minibasi ku Limbe, anachita kugwidwa ndi kondakitala. Njira yonse, Chichiri mpaka Ginnery Corner, anayang'ana pansi, chifukwa aliyense wovala kofia ya Chisilamu ankamuyesa wa pagulupu. Titafika, anawagwira dzanja a Felicia n'kunena kuti mwana wanga undikhululukire, ndinakunenera zoipa mumtima. A Felicia anadabwa, n'kuseka kuti amayi anga, mlandu wanu ndi umodzi wokha, wothawa diripi. Kenaka amayi anandiuza kuti ndikadikire panja. Ndinakhala pabenchi maola anayi ngati mlendo.

Adokotala anati kudumphitsa kuja sikunachite bwino. Awatenganso magazi, zotsatira tikamva sabata yamawa. Ndikukuuzani inu, osati gulupu.

Tsopano mverani chimene ndalembera kalatayi.

Kuyambira Lolemba amayi salola kuti ndiwasambitse. Ndimawatenthetsera madzi, ndimawaikira kampando m'bafa, iwo amalowa okha n'kukhoma chitseko ndi loko wamkati. Munthu amene sangathe kunyamula kapu ya tiyi ndi dzanja limodzi. Simenti ya m'bafa muja mukuidziwa mmene imaterera. Lachitatu anatuluka chigongono chitasupuka, nditafunsa anati si kanthu.

Ine ndimaima panja pa chitseko ndi thawulo, kumvetsera madzi. Akamakhavukira pansi, mtima umakhala m'malo. Akasiya kumveka ndimayamba kuwerenga chamumtima. Dzulo ndinafika makumi asanu ndi limodzi ndisanamve chilichonse, ndipo ndinali nditagwira kale mwala woti ndiphwanyire chitseko, pamene amayi anatsokomola.

A Faida anadzipereka kuti azibwera kudzawasambitsa. Amayi anati amene anaona kale zamutu asaonenso zina. Azakhali a ku Ntaja sangabwere, nawonso miyendo yawatupa. Palibe wina, achimwene. Ndine ndekha, ndipo ine sakundifuna.

Inu amakumverani. Chibadwire mawu anu m'nyumba muno amalemera kuposa anga. Muwaimbire. Musayambe ndi nthabwala zanu zija. Muwauze ndi pakamwa panu kuti ndinakana kawiri, kuti munandinena wobisa matenda mpaka ndinagonja, kuti ndinakuchenjezani inu n'kunyozera, kuti pamene iwo ankakana chipatala munandiuza kuti bodza likhale pa nesi. Zonse, osachotsapo. Muwapemphe akukhululukireni, kenaka muwapemphe atsegule chitseko cha bafa. Mwina akadziwa kuti katunduyu ndi wa anthu awiri, adzandilola kuwagwiranso.

Musalembe chipepeso pagulupu. Ndikukudziwani, mungalembe ndime zitatu zokoma anthu n'kumakuyamikirani kuti mwana wolemekeza makolo. Mukatero mudzangodzutsa nkhani, amene anali asanaone n'kuyamba kufunsa anzawo kuti tatumizire. Ine ndinatulukamo kale. Anthu akafunsa za amayi, muziti Abiti Habib akudwala, apempherereni. Mulungu safuna chithunzi kuti amudziwe wodwala.

A Wahab akuti afika kwanuko Lachiwiri, akapanda kuchedwa pa boda. Ndiye kuti Lachiwiri lomwelo kapena Lachitatu m'mawa ndiyembekeza foni yanu. Amayi amasamba dzuwa likakwera, cha m'ma 10 koloko. Muimbe nthawiyo isanakwane. Tsiku lililonse limene mukuchedwa ndi tsiku linanso limene alowa okha m'bafa muja. Akadzagwa chitseko chili chokhoma, uthenga wake ndidzakutumizirani inu nokha, ndipo mudzaone nokha mawu okalemba pagulupu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sumayyah, muwauze kuti mafuta opaka aja anafika ndipo amayi amawakonda, ngakhale tsopano amadzipaka okha pamene dzanja lawo lingafike. Ana muwapsompsone. Anzathu onse a ku Ntaja amene muli nawo kumeneko muwapatse salaam.

Allah akusungeni pantchito ndi panjira, ndipo akufewetseni mtima. Ine wanga sunafewe, sindikunamizani.

Ndine mlongo wanu,
Amna