Chotsa Chitenje pa Seva

Phalula, Balaka
Mwezi wa Okutobala

Wokondedwa mng'ono wanga Tikondane,

Ndikudziwa chimene chakugwira mtima utangoona kuti kalatayi yachokera kwa ine. Ukuganiza kuti ndamva za makina aja ndipo ndikufuna kukukalipira, kapena ndikuuza kuti uwakhudze, iwe n'kuwononga zonse. Khala pansi kaye, mwana wa mayi anga. Zokalipa mulibe muno. Koma zokhudza makinazo zilimo, sindikunamiza.

Uli bwanji kumeneko ku Ngokwe? Chifuwa chija chinakusiya, kapena fumbi la choko likukuvutitsabe? Nanga alamu anga ndi ana? Kuno tilipo. Alamu ako, bambo a Noah, akupezako pang'onopang'ono. Dzanja lamanja likadali lolemera chigwereni sitiroko ija, koma supuni ayamba kugwira okha. Dzulo anandikalipira kuti ndiwo zanga zilibe mchere. Ndinasangalala, chifukwa munthu wokalipa ndiye kuti mawu abwerera.

Ine ndiye sindikukhazikika. Ndikati ndikhale pakhonde, ndanyamuka kale. Ndimapita kumsewu ngati ndikukagula tomato, n'kubwerako chimanjamanja nditangoyang'ana malole akudutsa. Foni yako ndaimba kangapo, ikangolira imaduka. Kaya ndi netiweki ya kwanuko, kaya ndi chala chako, sindikudziwa. Ndiye ndati ndilembe papepala, poti pepala sungalidule, komanso ukhoza kuliyala pambali pa kiyibodi.

Che Uladi, aja ogulitsa nsomba zouma za ku Chiuta, anaima kuno ndi mitanga yawo. Anandiuza kuti seva ya pasukulu pathu inafa. Ndikunena kabokosi kakuda kaja ndinaika m'chipinda cha kuseri kwa ofesi, momwe muli mabuku, mayeso akale ndi mavidiyo a sayansi, zimene ana amatsegula pamafoni popanda kugula bandulo. Ati mwana wawo Sofia, wa Fomu 4 uja, masana akungokhala pakhonde kuwerenga nyerere. Atinso ine ndinazoloweretsa ana chambo, lero ndawasiyira minga.

Ndinawafunsa chimene Sofia akuona akatsegula. Anandionetsa chithunzi chimene mwanayo anajambula: tsamba loyera, pamwamba pali nambala 502. Kenaka ndinafunsa za chipindacho. Apa ndiye anakhala tsonga, n'kundifotokozera monyadira kuti a hedi, a Wadson, analamula kuti katundu wa a madamu asamalidwe mpaka abwere. Ati iwe unatenga chitenje chako chatsopano, unavundikira seva bwinobwino, n'kupsinja m'mbali ndi madikishonale kuti fumbi lisalowe. Mawindo otseka, chitseko chokiya. Ati ngakhale mphemvu singalowemo.

Ndinaseka mpaka Che Uladi anayang'ana kumbali, kenaka misozi inabwera yokha. Ndi mmene tinaleredwera, Tikondane. Katundu wa mkulu wako akachokapo sukhudza. Umavundikira, n'kumasesa mozungulira. Mayi ankatero ndi wailesi ya bambo, ankateronso ndi makina awo osokera. Unandilemekeza, ndipo ndathokoza.

Koma seva si makina osokera. Imagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo imapuma kudzera m'timabowo ta m'mbalimo. Tangoganiza, dzuwa la Okutobala, pansi pa malata, wina n'kukufunditsa bulangete. Ikatentha kwambiri imadzizimitsa mwadzidzidzi kuti isapse. Ikazizira imadzuka yokha, n'kutenthanso, n'kugwanso.

Ndilole ndikufotokozere zamkatimo, ukazimva mantha achepa. Ukukumbukira chigayo cha malemu bambo ku Ulongwe? Munthu akabwera ndi thumba la chimanga sankalowa kumene kunali injini. Ankalandiridwa pakhomo, ndi iwe kapena ine. Mu seva mulinso wapakhomo wotere, pulogalamu yotchedwa Nginx. Foni ya mwana ikapempha tsamba, amalandira ndi iyeyo. Koma wapakhomo sagaya. Amatembenuka n'kupatsira wogaya, amene dzina lake ndi PHP, ndiye amakonza tsambalo kuti lioneke. Wogayayo naye amadalira wosunga nkhokwe, MariaDB, amene amadziwa buku lililonse pamene lili ndi pamene mwana aliyense analekezera kuwerenga.

Palinso wina amene anthu amamuiwala, wosesa. Makina amalemba chilichonse chowachitikira, makamaka madandaulo, ndipo zolembazo zimaunjikana ngati gaga pansi pa chigayo. Popanda wosesa, tsiku lina umapeza palibe poponda.

Tsopano nambala 502 ija ikutanthauza izi: wapakhomo ali moyo, walandira thumba, watembenuka, wapeza kuseri kulibe munthu. Ukuona? Ndi nkhani yabwino imeneyo! Mabuku sanapse. Ndili kuno sindingalumbire, koma ndikuganiza kuti kugwagwa kuja kunabala madandaulo ochuluka, wosesa sanapeze mpata, malo anatha, ndipo wogaya ndi wankhokwe akulephera kuimirira. Ntchito yake ndi yaing'ono kuposa kuchonga makope a Fomu 1.

Chimene chikundiyendetsa uku ndi uku ndi ichi. Che Uladi ali m'komiti ya sukulu, ndipo ati komitiyo ikumana Loweruka likudzali. Ena ayamba kunena kuti batire ndi masola zoyendetsera seva zikungowonongeka pa chinthu chakufa, bola azipititse kunyumba za aphunzitsi anthu aziunikira ndi kutchaja mafoni. Sindikuwada, aliyense amafuna kuwala. Koma iwe ukudziwa ngati ine kuti batire ikalowa m'nyumba ya munthu, sidzatulukamonso. Zikatero laibulale ya mu sevayo yatha, ndipo Sofia ndi anzake adzalowa m'mayeso ndi buku limodzi la Bayoloje lija lopanda chikuto, lolimbirana kalasi yonse.

A Wadson akuti akuwayankha kuti tidikire a madamu, akabwera akonza.

Tikondane, ine sindibwera.

Ndapempha kuti andisamutsire kusukulu ya kuno. Bambo a Noah sangapirire msewu wa ku Ngokwe, chipatala chimene amapitako chili kuno, ndipo sindingawasiye m'manja mwa apongozi okha, nawonso miyendo yatha. Ndalimbana nazo mumtima nthawi yaitali. Sindinauze aliyense kumeneko, ndayamba iwe. A Wadson ndiwalembera padera. Ndiye katundu wavundikirayo si wa achemwali akonso. Ukamudikirira mwini wake, udikira mpaka batire itapita.

Ukudzifunsa kuti bwanji iweyo, mphunzitsi wa Chichewa, osati a masamu kapena a sayansi. Chifukwa iwe umawerenga chinthu mpaka kumapeto usanachite kanthu. Makina aja safuna wanzeru zothamanga, amafuna munthu wotero. Komanso ndinakuona kuchigayo, bambo atadwala malungo, ukumvetsera injini ndi khutu n'kunena kuti lamba wamasuka.

Uchite motere. Chotsa chitenje, tsegula mawindo, upukute timabowo tija ndi burashi youma. Uzimitse makina, uwasiye azizire mpaka ukaikapo dzanja usamve kutentha, kenaka uyatse. Sikirini ikhala yakuda, mawu oyera akuthamanga. Usaope, ndi mmene amadzukira. Akafunsa dzina ulembe lako, tikondane, zilembo zazing'ono zokhazokha. Ndinakutsegulira khomo lako tsiku lomwe ndinkaika makinawo, pamene iwe unathawa ati ukukachonga makope.

Akafunsa mawu achinsinsi, sindingawalembe muno poti kalata imadutsa m'manja ambiri, ndipo iyi iyenda pamodzi ndi nsomba. Koma ukuwadziwa. Ndi dzina lija bambo ankaitanira injini ikakana kulira, limene mayi ankadana nalo chifukwa linali la azakhali a mayiwo. Polemba suona chilichonse pasikirini. Amabisa dala, iwe ungomaliza n'kudina batani la Enter.

Ukalowa, yamba kuona ngati pali poponda. Lemba

df -h

Patuluka mizere ya manambala. Ukaona 100% ndiye kuti gaga wadzadza. Itana wosesa ndi kalamulo kamene ndinakonza ndekha kuti kasavute kukumbukira:

sudo sesa

Mawu oti sudo ali ngati kuuza makina kuti wolankhulayu ndi mwini nyumba, osati mlendo. Akafunsanso dzina la azakhali lija, uwapatse.

Kenaka dzutsa antchito, koma motsatana bwino. Bambo sankatsegula chitseko injini isanalire. Ankayamba madzi ndi oyilo, n'kupukusa, n'kukoleka lamba, anthu n'kumalowa pambuyo. Apanso chimodzimodzi, wankhokwe ayambe, wogaya atsatire, wapakhomo amalize:

sudo systemctl restart mariadb
sudo systemctl restart php-fpm
sudo systemctl restart nginx

Ulembe mzere umodzi, udine Enter, udikire. Makina akangokhala chete osayankha kanthu, ndiye kuti zayenda. Ali ngati bambo, ankalankhula pokhapokha zikalakwika. Ukatha utenge foni, ulumikize ku wayifayi ya sukulu, utsegule laibulale.

Pakatuluka mawu ofiira usazimitse, ndipo usathawe. Uwajambule, ukwere pachulu cha kuseri kwa Fomu 2 pamene netiweki imagwira, unditumizire. Foni yanga ndikuyenda nayo m'thumba la epuloni ngakhale popita kumjigo. Ndipo dziwa ichi kuti mtima ukhale pansi: zonse za mu seva ndinazikopera pa hadi disiki ina, ili m'kabati ya a hedi. Ngakhale utalakwitsa chotani, sungaphe laibulale ndi zala zako. Chimene chingaiphe ndi kuisiya chivundikirire.

Ndikulemba izi bambo a Noah akundiyang'ana. Afunsa ngati ndikulemba buku. Ndawauza kuti ndikulembera iwe, ndiye ati ndikuuze kuti munthu amene anawakakamiza kuvina pachinkhoswe pamaso pa akuchikazi onse sangaope kabokosi. Mawu atuluka mokoka, koma atuluka onse.

Che Uladi anyamuka mawa m'mawa, ndipo alonjeza kukupatsa kalatayi m'manja asanafike n'kwawo komwe. Undiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana, kwa a Wadson ndi aphunzitsi onse. Sofia umuuze kuti nyerere zimukwane, mabuku akubwera. Mulungu akusunge, akupatse mtima wodekha.

Sindikukulamula, mng'ono wanga, ndikukupempha. Kalatayi ikakupeza, ana akaweruka, tenga kiyi, lowa wekha, uyale pepalali patebulo. Ungoyamba ndi kuchotsa chitenjecho, zinazo uziona ukafika. Ndipo chitenjecho uchape, uchisite, udzachivale Loweruka pokaima pamaso pa komiti, foni ili m'manja, laibulale ili yotsegula.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Martina